DZIMBIRI LA M'MABULEKI: TIYIONE GALIMOTO TISANAKWEZE MATUMBA

  

Lero sindiyankhula za mbewu kapena feteleza monga mwa masiku onse. Kalabu inandipempha kuti ndiyankhule za mabuleki a galimoto, makamaka za dzimbiri limene limagwira chitsulo chija amati kalipa. Ndikudziwa ena mwayamba kale kunena chamumtima kuti, "Ife galimoto tilibe, nkhaniyi itikhudza pati?" Amayi, ikukukhudzani ndithu. Chimanga chanu chimapita kumsika pa galimoto. Mabelo a fodya amapita pa galimoto. Mwana akadwala usiku kwa Malowera, ku Chiputo kapena ku Chipera, timathamanga kukagogoda kwa mwini pikapu kuti atifikitse kuchipatala ku Fingoè. Eni galimoto pano ndi ochepa, koma okwera ndife tonse. Komanso njinga zamoto zambiri zimene anyamata agula masiku ano zili ndi kalipa yomweyo kutayala lakutsogolo.

Ine ndine mlimi ngati inu nomwe, sukulu ndinalekeza kupulayimale. Zimene ndinene pano ndinaziphunzira pothandiza amakanika nthawi ya chilimwe ntchito zakumunda zikachepa, ndi poyenda ndi mapikapu onyamula mbewu. Mfundo yanga ndi imodzi basi. Dzimbiri limene limapha si lija timaliona kunja. Ndi lobisika m'kati, ndipo limakula nthawi imene galimoto yangoima m'dzinja. Choncho nthawi yoyang'ana mabuleki ndi ino, tisanayambe kututa.

KODI KALIPA N'CHIYANI?

Tiyambire pa njinga yakapalasa, chifukwa tonse timaidziwa. Mukafinya buleki pahandulo, timalabala tiwiri timapana limu uku ndi uku, njinga n'kuima. Galimoto nayo ndi chimodzimodzi, kungoti mphamvu yake ndi yaikulu. Kuseri kwa tayala lakutsogolo kuli chitsulo chozungulira chonga mbale yophwatalala, dzina lake disiki. Chimazungulira limodzi ndi tayala. Pamwamba pa disikiyo pakhala chitsulo china chonenepa chimene chaikumbatira uku ndi uku. Imeneyo ndiye kalipa. M'kati mwake muli mapadi awiri, amene ndi ofanana ndi timalabala ta njinga tija, ndiponso pisitoni, kachitsulo konga kapu. Dalaivala akaponda buleki, mafuta a mabuleki amayenda m'mapaipi n'kukakankha pisitoni, pisitoni ikankha mapadi, mapadi apana disiki.

Tsono mvetsani apa. Phazi likachoka pa buleki, mu kalipa mulibe sipuling'i yobweza pisitoni. Chimene chimaibweza ndi kalabala kakang'ono kozungulira kamene kali m'katimo, ndipo kamaibweza pang'ono kwambiri, mongokwanira kuti mapadi asiye disiki. Mphamvu ya kalabalako ndi yochepa. N'chifukwa chake dzimbiri lochepa chabe limakagonjetsa. Phazi lili ndi mphamvu yokankha pisitoni yadzimbiri kupita kutsogolo, koma kalabala sikangaibweze. Buleki imagwira koma osasiya.

Makalipa alipo a mitundu iwiri. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri ali ndi pisitoni imodzi, ndipo kalipa yonse imatsetsereka pa timapini tiwiri tokhala ndi girisi, tovekedwa timalabala. Ma Toyota Hilux ndi ma Land Cruiser ambiri okoka ndi matayala onse anayi ali ndi kalipa yosasuntha, yokhala ndi mapisitoni anayi, awiri mbali iyi awiri mbali inayo. Pa mtundu woyamba, kawirikawiri amayamba kuuma ndi mapini. Pa wachiwiri, pisitoni imodzi imatha kuuma zinzake zikugwirabe, moti dalaivala sazindikira msanga. Kumbuyo kwa mapikapu ambiri kuli mabuleki a mtundu wina, a dilamu, amenewo ndi nkhani ya tsiku lina.

CHIFUKWA CHAKE KUNO KU MARÁVIA LIMAVUTA

Dzimbiri limafuna zinthu zitatu: chitsulo, madzi ndi mpweya. Khasu mukalisiya pamvula mlungu umodzi mumaona nokha. Koma chimene ambiri sadziwa n'chakuti dzimbiri limatupa. Limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya. Pa khasu zilibe kanthu, koma pakati pa pisitoni ndi nyumba yake mpata ndi wochepa zedi, ndiye likatupa pamenepo limamanga zonse.

Taonani tsono mmene galimoto yakuno imakhalira. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, misewu yathu yafumbi imasanduka matope. Galimoto imawoloka timitsinje madzi akufika m'magudumu, disiki ili yotentha. Matope amalowa m'kalipa n'kuumira momwemo, ndipo matope amasunga chinyezi masiku ambiri. Mchenga ndi zitsotso zimang'amba timalabala totchinga fumbi. Kalabala kakangong'ambika, madzi apeza khomo. Kenaka mu Januwale ndi Febuluwale msewu ukafika poipa, komanso ndalama ya mafuta itasowa, mwini wake amaiimika pansi pa mtengo wa mango miyezi iwiri kapena itatu. Udzu umamera mpaka kukuta matayala, ndipo pansi pake sipauma. Nthawi imeneyo ndiyo dzimbiri likugwira ntchito usana ndi usiku.

Palinso katundu amene timanyamula. Feteleza amadya chitsulo koopsa. Thumba la urea likabooka m'bodi, mvula n'kugwa, madzi akewo amatsikira kunsi kwa galimoto. Nsomba zamchere zochokera kunyanja ya Cahora Bassa nazonso zimadontha madzi amchere. Ndipo magalimoto ambiri amene tikugula kuno ndi akale ochokera ku Japan. Kumadera ozizira a dziko limenelo amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, choncho ina imafika kuno dzimbiri litayamba kale kunsi ngakhale pamwamba ikuwala ngati yatsopano.

Ndiye ifike Epulo ndi Meyi, mbewu zauma, ogula afika. Galimoto ija yangokhala miyezi itatu aikankha, yalira, aikweza matumba. Pikapu ngati Hilux inapangidwa kuti izinyamula pafupifupi tani imodzi, ndiye kuti matumba 20 a makilogalamu 50. Inu mukudziwa matumba amene timakweza, ndi anthu pamwamba pake. Dziko lathu ndi lamapiri. Aliyense amene anayendapo msewu wochokera pa Bene kudzera ku Fingoè kulowera ku Zumbo, kapena kutsikira kunyanja, akudziwa zitunda ndi mitsetse yake. Ulendo woyamba wa chaka ndiwo wolemera kwambiri, ndipo umapeza mabuleki ali pofooka kwambiri. Apa mpamene pali ngozi.

SI DZIMBIRI LONSE LOOPSA

Ndisakuopsezeni pachabe. Kalipa ndi chitsulo chochindikala. Kufiira kwa kunja kwake, kuja mumaona mukasuzumira m'limu, sikutanthauza kuti yatha. Bulashi ya waya imachotsa. Chimodzimodzi disiki: galimoto ikagona pamvula usiku umodzi, m'mawa disiki imaoneka yofiira, koma mukaponda buleki kangapo imayera yokha. Zimenezo zisakudetseni nkhawa.

Loopsa lili malo atatu. Poyamba, pa mapini otsetserekera. Kachiwiri, pa pisitoni, kunsi kwa kalabala kotchinga fumbi. Kachitatu, pa timipata timene makutu a mapadi amakhalapo, chifukwa likatupa pamenepo padi imakanirira osayenda. Malo onse atatu saoneka tayala lisanachotsedwe. N'chifukwa chake ndimawauza anyamata okonda kupaka makalipa penti yofiira kuti akulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Penti ndi yabwino pambuyo pokonza, koma siikonza kanthu. Ndipo pogula galimoto kapena kalipa yakale, penti yatsopano ikupangitseni kufunsa mafunso ambiri.

ZIZINDIKIRO ZAKE

Galimoto imanena yokha ikadwala, vuto ndi lakuti sitimvetsera. Choyamba, imakokera mbali imodzi. Ngati ikukokera kumanzere mukungoyenda, mwina buleki yakumanzere yakanirira. Ngati ikukokera kumanzere pokhapokha mukaponda buleki, mwina yakumanja ndiye sikugwira. Chachiwiri, imalemera, ngati ng'ombe ikukoka ngolo yomangidwa gudumu, ndipo mafuta amatha msanga. Chachitatu ndi fungo lakupsa lochokera kutayala limodzi. Chachinayi, padi imodzi yatha pamene inzake idakali yonenepa. Chachisanu, chiwongolero chimanjenjemera mukaponda buleki, chifukwa disiki yapsa ndipo siilinso yosalala mofanana.

Pali mayeso atatu osalira ndalama. Oyamba ndi awa: imikani galimoto yopanda katundu pamalo athyathyathya, chotsani giya ndi handibuleki, dalaivala ali pampando, anthu awiri aikankhe. Iyenera kuyenda mosavuta n'kuima pang'onopang'ono. Ikaima mwadzidzidzi ngati wina waigwira, pali buleki yokanirira.

Achiwiri: yendani makilomita atatu kapena asanu pamsewu wosatsetsereka, osaponda buleki kwambiri, kenaka imani. Yandikizani kuseri kwa dzanja pa limu lakumanja, kenaka lakumanzere. Ndati kuyandikiza, musakhudze disiki, imawotcha kuposa chiwaya cha pamoto. Matayala awiri akutsogolo ayenera kufunda mofanana. Limodzi likatentha kuposa linzake, vuto lili pamenepo. Mayeso amenewa ngakhale inu agogo mutha kuchita galimoto ikaima pa siteji.

Achitatu: kwezani tayala ndi jeke, mulizungulitse ndi dzanja. Wina aponde buleki n'kusiya, inu muzungulitsenso. Kukhula pang'ono n'kwachibadwa. Koma ngati mukuchita kugwira ndi manja awiri kuti lizungulire, musakweze thumba ngakhale limodzi musanakonze.

KAKONZEDWE KAKE

Ntchito iyi ili pawiri. Kutsuka ndi kudzoza mapini, munthu wodekha amene amadziwa kugwira sipanala angathe. Kutulutsa pisitoni ndi kusintha timalabala ta m'kati, pitani kwa makanika wodziwa, kapena muchite ali pambali panu. Safunsa anadya phula.

Chisanayambe chilichonse, tetezani moyo wanu. Galimoto ikhale pamalo olimba ndi athyathyathya, matayala otsala mutsekere ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo. Jeke ndi wokwezera chabe, si wokhulupirira. Ikani chipika cholimba cha mtengo pansi pa chasisi. Njerwa ayi, zimaphwanyika mosachenjeza. Tayala limene mwachotsa muligoneke pansi pa galimoto. Ndipo masulani mbali imodzi yokha, inayo ikhale chitsanzo mukaiwala mmene zinakhalira.

Mukachotsa tayala, tsukani matope ndi madzi ndi bulashi. Fumbi la mabuleki musaliuzire ndi pakamwa kapena pampu, chifukwa mapadi ena, makamaka akale, ali ndi asibesitosi amene amawononga mapapo. Linyowetseni n'kupukuta ndi kansanza. Mabawuti akakana, musalimbane nawo mpaka kuthyoka. Thirani mafuta omasulira dzimbiri pa bawuti pokhapo, mudikire, mugogode pang'ono, muyesenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kalipa ikachoka, imangirireni m'mwamba ndi waya. Musailekerere kuti ilendewere pa paipi yake yalabala, paipiyo imawonongekera m'kati osaoneka kunja.

Sololani mapini. Pini yabwino imatuluka ndi zala. Ngati ili ndi dzimbiri lapamwamba, ikwecheni ndi sandipepa yosalala mpaka iwale, mutsukenso bowo lake. Ngati yadyeka maenjemaenje kapena yapindika, gulani ina. Yang'anani timalabala take powala, mukutikoka pang'ono. Kong'ambika kasinthidwe, chifukwa mukakabwezera, dzinja likudzali mubwereza ntchito yomweyi. Kenaka palani dzimbiri pa timipata ta mapadi ndi bulashi ya waya kapena fayilo mpaka padi izilowa ndi kutuluka ndi dzanja. Padi yolowetsa ndi hamala ndi padi yokanirira kale.

Nkhani ya girisi imvetseni bwino, chifukwa apa mpamene magalimoto ambiri akuno amaonongekera. Girisi wamba wa mabeling'i, oyilo wa injini, dizilo, palafini ndi petulo, zonsezi ndi adani a timalabala ta mabuleki. Labala wake akakhudzana nazo amafufuma n'kufewa, ndipo pini kapena pisitoni imakanirira kuposa poyamba. Pamafunika girisi wa mabuleki, wa silikoni kapena wofiira uja wopangira labala. Pakani pang'ono. Ndipo girisi aliyense asakhudze disiki kapena nkhope ya padi. Padi ikamwa mafuta yatha ntchito, kuiwotcha pamoto sikuibweza.

Tsopano pisitoni. Tukulani pang'ono kalabala kotchinga fumbi muone kunsi kwake. Pisitoni yabwino imawala ngati supuni yatsopano, ndipo mukaikankha pang'onopang'ono ndi kalampu imabwerera m'kati mosavuta. Ikakana, makanika aitulutse. Ikapezeka ndi timaenje ta dzimbiri pathupi pake, musalole kuti angoikwecha n'kubwezera. Thupi la pisitoni ndi pamene kalabala ka m'kati kamagwira kuti mafuta asatuluke. Timaenjeto timadula kalabala, mafuta n'kuyamba kudontha, tsiku lina phazi lidzangofika pansi. Pisitoni yotero isinthidwe pamodzi ndi timalabala take tonse. Potsuka m'kati mwa kalipa agwiritse mafuta a mabuleki atsopano basi.

Pali chinthu china chimene chimanamiza anthu n'kugula kalipa pachabe. Paipi yalabala ikakalamba imatha kutsekeka m'kati, mafuta n'kumapita koma osabwerera. Poyesa, tayala likakanirira, makanika amamasula pang'ono kabawuti kotulutsira mpweya ka pa kalipa. Mafuta akatuluka ndi mphamvu tayala n'kumasuka, vuto lili ku paipi kapena kumtunda kwake. Likakhalabe lolimba, vuto ndi kalipa.

Mapadi akatsala mamilimita atatu, sinthani, ndipo sinthani matayala onse awiri akutsogolo tsiku limodzi. Kusintha mbali imodzi kumakokera galimoto kumbali. Disiki nayo ili ndi malire ake, nambala yake imalembedwa pa chitsulo pomwepo. Pokagula zipangizo mumzinda wa Tete dziwani mayina ake pa Chipwitikizi: kalipa amati pinça, mapadi amati pastilhas, mafuta ake amati óleo de travões. Amene mumagula ku Zambia, ku Katete, Petauke kapena Chipata, mukanena kuti kalipa ndi mapadi akumvani. Koma nyamulani chakalecho m'thumba mukayerekeze pa kauntala, chifukwa galimoto za dzina limodzi zimasiyana zipangizo malinga ndi chaka, ndipo ulendo wobweza katundu wolakwika ndi wautali.

Mukamanga zonse, ngati paipi inamasulidwa, mpweya uyenera kuchotsedwa, kuja amati kubulida. Wina amapopa buleki n'kugwira, wina amamasula kabawuti n'kumanganso, mpaka mafuta azituluka opanda thovu. Ndipo ichi musaiwale ngakhale munangosintha mapadi okha: galimoto isanasunthe, popani buleki kangapo mpaka ilimbe. Kuponda koyamba phazi limafika pansi chifukwa pisitoni inabwezedwa m'kati. Kenaka yesani pabwalo, pang'onopang'ono, mulibe anthu, ana ali kutali.

MAFUTA A MABULEKI

Dzimbiri lina limachokera m'kati mwenimweni. Mafuta a mabuleki amene timagwiritsa ntchito, olembedwa DOT 3 kapena DOT 4, amakoka chinyezi cha mumpweya monga umachitira mchere m'dzinja. Pakapita zaka amakhala ndi madzi, ndipo madziwo amadya pisitoni ndi mapaipi. Komanso amawira msanga. DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi malire ake amatsika kufika cha pa 140. DOT 4 amayambira pa 230 n'kutsika kufika cha pa 155. Tsono ganizani kalipa yokanirira imene yakhala ikutentha ulendo wonse, galimoto yodzaza, mtsetse wautali. Mafuta akawira amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi siikankha pisitoni. Dalaivala amaponda, phazi lingolowa. Galimoto ikazizira buleki imabwerera, anthu n'kumati pali wina walodza. Si ufiti abale, ndi mafuta akale.

Opanga magalimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa pakatha zaka ziwiri. Atsopano amakhala oyera motuwira ngati mafuta ophikira. Akada ngati tiyi wopanda mkaka, nthawi yapitirira. Onani pa chivindikiro cha kathanki kake, palembedwa mtundu woyenera. Gulani botolo lomata, osati oyezera m'kabotolo kotsegula pamsika. Olembedwa DOT 5 ndi mtundu wina, musasakanize. Ndipo mafuta akamatsika m'kathanki, kuthira ena si mankhwala. Fufuzani kumene akupita. Madzi a sopo, mafuta ophikira kapena oyilo wa injini, zimene ena amathira akasowa pogwira, zimawononga timalabala tonse kuyambira kumtunda mpaka kumatayala.

ZIKAKUCHITIKIRANI PANJIRA

Mukamva fungo kapena kuona utsi pa tayala, imani pamalo abwino, tsitsani anthu, tsekerani matayala ndi miyala. Musathire madzi pa disiki yotentha, imapindika kapena kung'aluka. Idikireni izizire yokha. Ena amapana paipi ya tayala lovutalo ndi pulayala kapena kuitseka ndi msomali kuti ulendo upitirire. Dziwani kuti matayala akutsogolo ndiwo amagwira ntchito yaikulu poimitsa galimoto. Mukatseka limodzi, galimoto idzakhotera kumbali tsiku limene mwaponda mwamphamvu. Kunyamula anthu motero ndi kuseweretsa miyoyo ya eni ake.

Madalaivala athu, potsika phiri lowetsani giya yaikulu mphamvu musanayambe kutsika, injini ithandize kugwira galimoto. Chizolowezi chochotsa giya kapena kuzimitsa injini pamtsetse pofuna kupulumutsa mafuta n'choopsa, chifukwa katundu yense amatsalira mabuleki, ndipo injini ikazima buleki imalimba ngati mwala. Kumbukiraninso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi.

KUPEWA

Kupewa kwake n'kotsika mtengo kuposa thumba limodzi la chimanga. Mukawoloka madzi, yendani pang'onopang'ono mukuponda buleki mopepuka kuti iume. Mukafika kunyumba kuchokera m'matope, thirani madzi kuseri kwa matayala mabuleki atazizira, matope asagonemo. Mukatsitsa feteleza kapena nsomba, tsukani bodi. M'dzinja galimoto iime pouma, posesa, pansi pa denga ngati lilipo, ngakhale laudzu. Kamodzi pa mlungu ilizeni, muyende nayo pang'ono pabwalo mukuponda buleki kangapo. Chitsulo choyenda sichigwira dzimbiri msanga. Ikaima nthawi yaitali musakoke handibuleki, imamatirira. Isiyeni m'giya ndi miyala kumatayala. Ndipo chaka chilichonse, mvula ikangosiya, matayala achoke, mapini adzozedwe, timalabala tionedwe. A njinga zamoto, inunso chimodzimodzi.

Kuyambira 2010 boma lathu linalamula kuti magalimoto aziyezedwa, ndipo mabuleki ndi chimodzi mwa zimene amayeza. Lamulo ndi labwino, tilitsate. Koma pepala limanena za tsiku limene galimoto inayezedwa. Silidziwa mitsinje imene yawoloka kuchokera tsikulo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, kuno ku Africa ndiye kumafa ambiri. Ife kuno chipatala chachikulu chili ku Tete, kutali. Wovulala kwambiri pa mtsetse wa kwathu kuno, mwayi wofika kumeneko ali moyo ndi wochepa.

Ndiye pempho langa kwa kalabu ndi ili. Ife alimi ndi amene timalipira magalimotowa, choncho tili ndi mawu. Tikamagwirizana mtengo ndi mwini galimoto, tifunsenso mwaulemu kuti, "Bambo, mabuleki munawaona liti chaka chino?" Tipemphe kuikankha pabwalo tisanakweze. Paulendo ikaima, wina ayandikize dzanja kumatayala. Mwini galimoto wanzeru sangakwiye, chifukwa kalipa yokanirira ikumudyera mafuta, mapadi ndi disiki tsiku ndi tsiku. Ndipo ifenso tisamukakamize kukweza matumba opitirira muyeso pofuna kupulumutsa ndalama ya ulendo wachiwiri. Munthu mmodzi akafunsa amaoneka wovuta, koma tikamafunsa tonse chimakhala chizolowezi cha mudzi. Mutu umodzi susenza denga.

Ndikupemphanso a wapampando kuti mwezi uno usanathe tiitane makanika mmodzi abwere pa msonkhano wathu, amasule tayala pamaso pa tonse, kuti zimene ndanenazi muzione ndi maso. Eni mapikapu ndi njinga zamoto a m'midzi yathu tiwaitanenso, ngakhale si a kalabu. Mafunso amene atsale tiwatumize ku wailesi kuti anzathu a m'makalabu ena amve nawo.

 Amene ali ndi funso kapena chowonjezera, makamaka madalaivala amene muli pano, bwalo ndi lanu.